Musanagule masipika, yambani mwamvera chipinda

M'madera ozizira a United States ndi Canada, nyumba zambiri zimakhala ndi chipinda china pansi pa nthaka. Chinayambitsa zimenezi ndi chisanu. Madzi akaundana amafufuma ndi pafupifupi 9 peresenti, ndipo nthaka yonyowa ikaundana imatukumuka n'kukankha chilichonse chimene chakhala pamwamba pake. Choncho omanga nyumba amakumba maziko mpaka kupitirira pamene chisanu chimalekezera, malo ena kuposa mita imodzi. Popeza dzenje lakumbidwa kale, amangowonjezera pang'ono, n'kuthira konkire, basi chipinda chapezeka. Ena amasungiramo katundu, ena amachapiramo zovala. Koma pali gulu lina limene limasandutsa chipindachi kukhala malo oonera mafilimu: chinsalu chachikulu kukhoma, pulojekita kudenga, masipika mbali zonse, mipando yawofuwofu, ndi kakabati kobisamo makina ndi mawaya.

Mwina wina akufunsa kale kuti, "Aphunzitsi, ife zimenezi zikutikhudza pati, kwathu kuno ena ngakhale siling'i tilibe?" Zikukukhudzani, chifukwa m'kachipinda kameneka muli pafupifupi mutu wonse wa mafunde ndi mawu umene mumaphunzira mu physics, kuphatikizapo nkhani ya kutentha. Komanso cholakwa chimene amachita mwini nyumba ku Toronto ndi chomwecho chimene amachita mwini video show pamsika, komiti ya tchalitchi, ndi mnyamata amene watsegula situdiyo kuseri kwa nyumba ya makolo ake. Onsewa ndalama amathera ku masipika, chipinda n'kuchiiwala. Ine maganizo anga ndi akuti masipika ayenera kugulidwa pomaliza. Sipika ya mtengo wapakati m'chipinda chokonzedwa bwino imamveka bwino kuposa sipika yodula m'chipinda cha konkire yokhayokha, ndipo masamu ake mukhoza kuwachita nokha.

Tiyambe ndi zimene khutu limamva. Mukakhala pampando, sipika ili mamita atatu kutsogolo kwanu, mawu oyamba kufika ndi amene ayenda njira yachidule, kuchoka pa sipika mpaka pakhutu. Mawu amathamanga pafupifupi mamita 343 pa sekondi mumpweya wa madigiri 20, ndiye ulendowu sutenga ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a sekondi. Pambuyo pake pamabwera chigulu: mawu amene agunda khoma lakumanja, lakumanzere, denga, pansi, ena agunda kawiri, ena kakhumi. M'mabuku mwanu munawerenga kuti munthu amve mawu ake akubwerera paokha, khoma liyenera kukhala patali mamita pafupifupi 17. M'chipinda chaching'ono makoma ali pafupi kwambiri, choncho ubongo sulekanitsa mawu oyamba ndi obwerera. Umangowasakaniza pamodzi. Wosewera mufilimu akanena mawu achiwiri, oyamba aja amakhala akadali kuzungulira m'chipindamo, ndipo chiganizo chimasanduka phala.

Munthu woyamba kuyeza zimenezi mwadongosolo anali mphunzitsi wa physics, Wallace Clement Sabine, wa ku yunivesite ya Harvard. Mu 1895 anapatsidwa ntchito yokonza holo yophunziriramo ya m'nyumba ya Fogg Art Museum, mmene ophunzira sankamva zimene mphunzitsi akunena. Mawu amodzi ankakhala akumveka kwa masekondi oposa 5. Sabine ndi om'thandiza ankagwira ntchito usiku kunja kukakhala zii. Ankanyamula makushoni a mipando kuchokera ku Sanders Theatre, holo ina ya pafupi, n'kuwayala m'chipindamo, kuliza chitoliro cha limba, kuyeza ndi wotchi nthawi imene mawu atenga kuti azime, kenako kubweza makushoniwo kusanache. Anapeza kuti nthawiyo imakula ndi kukula kwa chipinda, ndipo imachepa ndi kuchuluka kwa zinthu zomeza mawu. Lero timalemba kuti T = 0.161 V / A. V ndi kukula kwa chipinda mu ma cubic metre, A ndi kuchuluka kwa malo omeza mawu, ndipo T ndi nthawi imene mawu amatenga kuti atsike ndi madesibo 60. Nzeru zimenezi anazigwiritsa ntchito pa Symphony Hall ya ku Boston, imene inatsegulidwa mu 1900 ndipo mpaka pano imatchuka chifukwa cha kamvekedwe kake.

Tiyeni titenge chipinda chapansi cha mamita 6 mulitali, 4 mulifupi, ndi 2.5 kupita m'mwamba. V ndi 60. Makoma, denga ndi pansi pamodzi ndi ma square metre 98. Konkire yosalala imameza pafupifupi magawo awiri okha pa 100 alionse a mphamvu ya mawu imene yaigunda, ndiye A ndi pafupifupi 2. Ikani mu fomula ija, mupeza masekondi 4.8. Chipinda chotere simungamve nacho filimu, ngakhale mutagula sipika ya mtengo wa galimoto. Tsopano yalani kalipeti pansi, lowetsani mipando ya nsalu ndi anthu, ndipo m'makoma mupachike ma square metre 20 a zinthu zangati thonje zimene amapanga kuchokera ku miyala kapena galasi, zija amati rock wool ndi fibreglass. A akhoza kufika pafupifupi 30, ndipo T amatsika kufika pa sekondi 0.3. Sipika ndi yomwe ija, simunaikhudze n'komwe.

Apa ndi pamene ndimatsutsana ndi anthu okonda kukweza voliyumu. Mawu akamamveka mosokonekera, dzanja limathamangira kukweza. Koma mukakweza, mwakweza zonse, mawu olunjika ndi obwerera omwe, pamlingo wofanana. Phala lija limangokula. Mwalowapo m'tchalitchi cha malata ndi simenti, masipika anayi akuluakulu akubangula, koma inu kumbuyo osatolapo kanthu pa ulaliki? Komiti ikakhala pansi imagwirizana zosonkha ndalama zogulira sipika yachisanu. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa ndalama yomweyo ikanagula makatani okhuthala ndi siling'i, anthu akanamva. Ndipo makutu ndi amene amalipira. Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amati phokoso la madesibo 85 munthu asakhalemo kupitirira maola 8, ndipo pa madesibo atatu alionse owonjezera nthawiyo imadulidwa pakati. Pa madesibo 100 yatsala mphindi 15 zokha.

Vuto lalikulu koposa m'chipinda chaching'ono ndi besi, ndipo apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pokoma. Mukukumbukira kuti v = fλ. Mawu a 1000 Hz ali ndi wavelength ya masentimita 34. Mawu a 100 Hz, mamita 3.4. Mawu a 50 Hz, pafupifupi mamita 7, kutanthauza kuti funde limodzi ndi lalitali kuposa chipinda chathu chonse. Funde lotere likamapita ndi kubwerera pakati pa makoma awiri oyang'anizana, pa ma frequency ena lopita ndi lobwerera zimagwirizana n'kupanga standing wave, chimodzimodzi chingwe cha gitala kapena mpweya wa m'chitoliro. Chipindacho chimasanduka chida choimbira, chokhala ndi manoti akeake. Noti yotsikitsitsa imapezeka pogawa 343 ndi utali wa chipinda kuwirikiza kawiri.

Pa mamita 6, tipeza 343 kugawa ndi 12, amene ndi pafupifupi 29 Hz, kenako 57, kenako 86. Pa mamita 4, tipeza 43 Hz, kenako 86. Mwaona? Nambala 86 yatuluka kawiri. Mulitali ndi mulifupi zikuthandizana kukweza noti imodzi. M'chipinda chimenechi, woimba gitala ya besi akafika pafupi ndi 86 Hz, pamalo ena noti imeneyo imangoti buu, kuphimba zinzake, ndi kuchedwa kuzima. Mwini chipinda amaganiza kuti sipika yake ili ndi vuto, pamene vuto analimanga yekha tsiku limene anasankha 6 ndi 4. Chipinda chimene utali, ulifupi ndi msinkhu zili zofanana ndiye choipitsitsa, chifukwa mbali zonse zitatu zimaimba noti imodzi. Munthu amene akumanga khoma latsopano m'chipinda chapansi akhoza kulisuntha ndi masentimita 30 kapena 40 kuti manambalawa asagundane, ndipo kusunthako sikudya ndalama. Kumangofuna pensulo ndi kakyuleta, ntchito isanayambe.

Standing wave ili ndi malo amene imamveka kwambiri ndi malo amene imazimiririka. Pakhoma penipeni manoti onsewa amakhala amphamvu, ndipo pakona ndiye kwambiri. Pakati penipeni pa chipinda, noti yoyamba ija imasowa, pamene yachiwiri imakula. Ndiye sofa yogunditsa kukhoma lakumbuyo imakupatsani besi yochuluka mopweteka mutu, ndipo mpando wa pakatikati umakubisirani manoti ena. Kungokankha sofa ndi theka la mita kukhoza kusintha kamvekedwe kuposa kugula ampulifaya yatsopano.

Ndikudziwa zimene ogulitsa makina angayankhe. Maampulifaya amakono amabwera ndi maikolofoni, amaliza timawu toyesera, n'kudzikonza okha mogwirizana ndi chipinda. N'zoona, ndipo zimathandiza. Makina akhoza kuchepetsa noti imene yakula kwambiri. Koma pamalo pamene funde lopita ndi lobwerera zikufafanizana, makina sangachite zambiri. Akawonjezera mphamvu, lopita limakula, lobwerera limakulanso, ndipo zimafafanizana ngati kale, sipika ikungovutika. Komanso chimene makina akonzera mpando umodzi chikhoza kuwonongera wokhala mpando wina.

Tsopano tifike pa matireyi a mazira. Ndikhulupirira ambiri mwa inu munawaonapo atakhomedwa m'makoma a situdiyo zazing'ono. Anthu amawakonda chifukwa amafanana ndi siponji ya mabampu imene imaoneka m'zithunzi za situdiyo zazikulu. Funso ndi lakuti, munthu akukhoma matireyiwo akufuna chiyani? Pali ntchito ziwiri zosiyana kotheratu zimene anthu amazisokoneza. Ina ndi kukonza kamvekedwe ka mkati, kuti mawu asamazungulire. Ina ndi kutsekereza mawu kuti asatuluke kukasokoneza ogona kapena aneba. Matireyi amalephera zonse ziwiri, koma pa zifukwa zosiyana.

Chinthu chomeza mawu chimagwira ntchito mpweya ukamalowa ndi kutuluka m'timabowo take. Pamenepo mpweya umakhulana ndi ulusi, ndipo mphamvu ya mawu imasanduka kutentha pang'ono. Pakhoma penipeni mpweya sungasunthe, chifukwa khoma lautchinga. Umayenda kwambiri pa mtunda wa kota ya wavelength kuchokera kukhoma. Pa 1000 Hz, kota imeneyi ndi masentimita pafupifupi 9. Pa 100 Hz ndi masentimita 86. Siponji yokhuthala masentimita awiri ndi theka imameza bwino mawu okwera okha, a ma hertz masauzande angapo. Besi imangodutsa ngati palibe kanthu. Nanga katoni yopyapyala ya tireyi? Imachotsako pang'ono timawu tina tapakati ndi tokwera, basi. Munthu akamata chipinda chonse ndi zinthu zopyapyala amapeza chipinda chogontha kumwamba koma chobangula pansi, ndipo amadabwa kuti nyimbo zake zikumveka ngati zili m'mgolo. N'chifukwa chake odziwa amaika zomeza zokhuthala masentimita 10 kapena kuposa, amasiya mpata wa mpweya kuseri kwake, ndipo m'makona amaunjika zokhuthala kwambiri.

Sikuti muyenera kuphimba paliponse ayi. Malo oyamba kuwasamala ndi amene mawu amagunda kamodzi n'kufika kukhutu. Kuwapeza n'kosavuta, chifukwa mawu okwera amatsata lamulo lomwe lija la kuwala, ngodya yofikira ndi yofanana ndi ngodya yobwerera. Khalani pampando, mnzanu aziyendetsa kalilole m'khoma. Pamene mwaona sipika m'kaliloremo, pamenepo ndi poika chomeza mawu. Shelefu ya mabuku osiyana makulidwe kukhoma lakumbuyo imathandizanso, chifukwa imamwaza mawu m'malo mowabweza onse njira imodzi.

Kutsekereza mawu ndi nkhani ina. Apa chofunika ndi kulemera, kusagundana kwa zinthu, ndi kusasiya mpata. Khoma lolemera ndi lovuta kuligwedeza. Mukawirikiza kawiri kulemera kwa khoma, mumapindula madesibo pafupifupi 6 okha, ndiye taganizirani chimene tireyi yolemera magalamu ochepa ingawonjezere pa khoma la njerwa. Palibe. Pankhani imeneyi chipinda chapansi chili ndi mwayi, chifukwa kuseri kwa makoma ake kuli dothi lochuluka. Pofooka ndi denga, chifukwa m'nyumba za kumeneko denga la chipinda chapansi ndi matabwa amene anthu a pamwamba amapondapo. Besi ikagwedeza denga, matabwa amatenga kugwedezekako n'kukakupereka kuchipinda chogona. Omanga mwanzeru amapachika siling'i ya mabolodi awiri olemera pa tizitsulo tofewa tokhala ndi labala, kuti isagundane mwachindunji ndi matabwawo. Ena amamanga ngati chipinda mkati mwa chipinda chinzake.

Ndipo kabowo kakang'ono kamawononga ntchito yonse. Tiyerekeze kuti khoma lanu limatsitsa phokoso ndi madesibo 50. Mukasiya mpata wokwana gawo limodzi pa 100 a khomalo, gawo limodzi pa 100 la mphamvu ya mawu lidutsa mwaulere. Kutsika kwa mphamvu ka 100 ndi madesibo 20. Khoma la 50 lija lasanduka la 20 chifukwa cha mpata wa pansi pa chitseko ndi bowo la waya. Mawu ali ngati madzi m'ndowa, amafuna pobowoka.

Apa ndiye pamabuka mkangano ndi kakabati ka makina kaja. Anthu amabisa ampulifaya, makina osewerera mafilimu ndi zina zotero m'kabati kuti timagetsi tawo tisamathwanime mumdima, ndiponso kuti phokoso la mafani awo lisamveke pamene filimu yafika pachete. Maganizo abwino. Koma mphamvu siitayika, imangosintha maonekedwe. Pafupifupi magetsi onse amene makinawo akudya amathera kukhala kutentha, ndipo gawo limene limasanduka mawu ndi laling'ono zedi. Tengani kabati ya ma cubic metre awiri. Muli mpweya wolemera makilogalamu 2.4, ndipo kutenthetsa kilogalamu imodzi ya mpweya ndi digiri imodzi kumafuna majoule pafupifupi 1000. Makina otulutsa mawati 400 amapereka majoule 400 pa sekondi. Ndiye digiri imodzi pa masekondi 6 alionse, madigiri 10 pa mphindi, kutentha kukanakhala kuti kulibe kothawira. Zoona zake makoma a kabati ndi zitsulo za makinawo zimamwako kwambiri, choncho sizifika msanga chotero, koma filimu ya maola awiri ndi nthawi yaitali. Makina amayamba kudzizimitsa, ndipo moyo wawo umafupika.

Kabatiyo ikufuna bowo lolowera mpweya wozizira m'munsi ndi lotulukira wotentha pamwamba, popeza mpweya wotentha umakwera. Koma tangonena kumene kuti bowo ndi mdani. Njira yake ndi kupanga ngalande ya mpweya yokhotakhota, yokutidwa mkati ndi zomeza mawu, yotakata bwino kuti fani yaikulu izizungulira pang'onopang'ono. Mpweya umakhota nawo makona mosavuta, pamene mawu amataya mphamvu pa kona iliyonse. Anthu nawonso ndi mbaula, munthu wongokhala amatulutsa mawati pafupifupi 100, ndiponso akupuma. Anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chomatidwa paliponse, chopanda njira ya mpweya, amayamba kuwodzera filimu isanafike pakati, n'kumanamizira filimuyo.

Za chinyezi ndingodutsapo mwachangu, ngakhale kuti pomanga ndiye zoyambirira. Konkire ya pansi pa nthaka imakhala yozizira, ndipo mpweya wofunda ukaikhudza umasiya madzi, ngati mmene botolo la Fanta lochokera mufiriji limachitira thukuta. Madzi ena amalowa kuchokera m'dothi. Mukakuta khoma lotere ndi thonje ndi nsalu musanathane ndi madziwo, mwamangira nkhungu nyumba. Kuyeza kwake n'kwapafupi: matani pepala la pulasitiki pakonkire ndi tepi mbali zonse, lisiyeni masiku awiri. Madzi akakhala kunsi kwa pepala, akuchokera m'konkire. Akakhala pamwamba, akuchokera mumpweya. Makina nawo asakhale pansi penipeni, chifukwa madzi akalowa m'nyumba amayambira chipinda chapansi. M'maiko amenewo amayezanso mpweya wa radon, umene umachokera ku uranium wa m'miyala, umaunjikana m'zipinda zapansi, ndipo umayambitsa khansa ya m'mapapo.

Chimene sindingachidutse mwachangu ndi moto. Pa 20 February 2003, m'nyumba ya zisangalalo yotchedwa The Station ku West Warwick, m'chigawo cha Rhode Island, zothetheka za pasiteji zinayatsa siponji imene inamatidwa m'makoma pofuna kuchepetsa phokoso. Anthu 100 anafa. Mu January 2013 zofanana ndi zimenezi zinachitika ku Kiss, mumzinda wa Santa Maria ku Brazil, ndipo anafa anthu oposa 240, ambiri mwa iwo ophunzira a ku yunivesite. Siponji wamba imayaka msanga ndipo utsi wake ndi wa poizoni. Chowawa n'chakuti, monga taonera, siponji yopyapyala siitsekereza n'komwe phokoso lopita kwa aneba. Tsono ganizirani chipinda chapansi chokhala ndi masitepe amodzi otulukira, kapena kasitudiyo ka kwathu kuno kopanda windo, makoma onse ali matireyi ndi zidutswa za matiresi, mawaya olumikiza ndi tepi, ndi kandulo pambali podikira kuti magetsi abwere. Ngati muli ndi mchimwene kapena mnzanu wa situdiyo yotere, mukamuuze. Rock wool siyaka, ndipo imameza mawu bwino kuposa zonsezo.

Zambiri mwa zimenezi mukhoza kuziyesa sabata ino popanda kugula kanthu. Lowani m'kalasi anzanu onse atatuluka, imani pakati, ombani m'manja kamodzi mwamphamvu. Mvetserani kamchira kamene kamatsalira, nthawi zina kamalira ngati kachitsulo chifukwa mawu akudumphadumpha pakati pa makoma awiri osalala. Mawa lake ombaninso anzanu 60 ali momwemo ndi mayunifolomu awo ndi zikwama, muone mmene kamchirako kafupikira. Anzanuwo akugwira ntchito ya makushoni a Sabine.

Kenako yezani utali wa kalasiyo, muwerengere manoti ake. Kalasi ya mamita 9 ipereka 19 Hz, 38, 57, 76, 95 ndi kupitirira. Pezani foni yokhala ndi pulogalamu yoliza noti imodzi, muilumikize ku sipika yokulirapo, chifukwa kasipika ka foni sikangathe kutulutsa mawu otsika chotero. Ikani sipikayo pakona, lizani 95 Hz motsitsa, tsekani khutu limodzi, ndipo muziyenda pang'onopang'ono kuchokera kubolodi kupita kumbuyo. Pena noti idzakula, pena idzachepa ngati wina watsitsa voliyumu. Lembani ndi choko pansi malo amene yachepa, muyeze mtunda wa pakati pa zizindikiro ziwiri zoyandikana. Uyenera kukhala pafupi ndi theka la wavelength, mita 1.8, ngakhale mafunde a mulifupi ndi a m'mwamba adzakusokonezani pang'ono. Mupemphe kaye chilolezo kwa ahedi, ndipo musachite izi a Fomu 4 akulemba mayeso m'kalasi yoyandikana nayo, chifukwa besi idzadutsa khomalo.